Chitenje Chimene Ndinamasula ku Chibavi

Ine ndine telala, ndipo telala wa pakhonde amadziwa zambiri kuposa zimene amafuna kudziwa. Anzanga onse a pamdadada wathu ku Chibavi ankalawirira m'mawa, wina kumsika, wina pa kabaza, wina kukaumba njerwa, ine n'kutsala ndi makina anga, ana a eni ndi nkhuku za alandilodi. Zitseko zinali zisanu ndi chimodzi, chimbudzi chimodzi, chingwe choyanikira zovala chimodzinso. Makoma a pakati sankafika kudenga. Munthu akayetsemula m'chipinda chachitatu, ine wa chachiwiri ndinkatsala pang'ono kumuuza kuti pepani.

Pa zitseko zonsezo panalibe awiri ochokera dera limodzi. Wina Karonga, wina Ntcheu, wina Rumphi, wina Chitipa, ine wa ku Nkhata Bay. Aliyense analinso ndi tchalitchi chake. Tinkapatsana moni, tinkapalana moto, mchere ukatha tinkagawana, basi. Ukangoyamba kumuzolowera munthu, mwezi ukatha umaona katundu wake ali pa wilibala, mawa lake chipinda chalowa wina.

Mayi amene ndikufuna kunena analowa m'chipinda chachitatu mvula itangoyamba. Anali wa ku Mzimba, wamng'ono kwa ine, wowonda, wolimbikira ntchito moti ndinkadziona waulesi. Mwamuna wake anapita ku Joni iye ali ndi pakati, ndipo patapita miyezi foni yake inasiya kupezeka. Mayiyo ankapikula tomato ndi masamba m'mawa, n'kukhala mumsika mpaka dzuwa kupendeka. Khanda sakanatha kumapita nalo tsiku lililonse m'matope a mumsika muja. Ndiye anakatenga mwana wake woyamba kumudzi, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi amene anakulira kwa azakhali ake, kuti adzalere khandalo.

Mwanayo anali wachete, wa maso aakulu, Chichewa chake chosakanikirana ndi Chitumbuka kuposa changa. Kusukulu ankapita mwa apo ndi apo. Ntchito yake inali kuima pamzere kumpopi, kuyatsa mbaula, kuphika phala, kuchapa matewera, zonsezo khanda lili kumsana. Akapeza kampata ankabwera kudzakhala pansi pafupi ndi makina anga, n'kumatola tizidutswa ta nsalu timene ndinkataya. Ankasokera zovala kachidole kake ka chitsononkho. Sankapempha. Ankangoyang'ana kansalu, n'kundiyang'ana ine, mpaka ndinene kuti, "Tenga, iwe, usandiyang'ane ngati ndakulanda." Akatenga ankagwada n'kunena kuti yewo.

Kumenyedwa kunayamba sabata yachiwiri. Mayi ake akabwera madzulo ali chinyowere, miyendo itatupa, tomato wina ataphwanyika m'dengu, ankayamba kufunsa. Ndowa sinadzaze bwanji? Makala anyowa bwanji? Mwana wakhala akulira kuyambira nthawi yanji? Poyamba unali mthiko. Mthiko utathyoka anapeza kachidutswa ka paipi yothirira maluwa, kobiriwira, ndipo ankakasunga pamwamba pa chitseko. Zonse zinkandipeza kudzera pamwamba pa khoma paja, ine ndikudya.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti kwathu sitinkakwapulidwa. Amayi anga anali ndi dzanja lofulumira, ndipo ine ndinali mwana wa pakamwa. Koma kwathu kukwapula kunali ndi polekezera. Zikakukulira, unkathawira kwa mayi wamkulu aliyense, azakhali, akazi a amalume, ngakhale mayi wongodutsa ndi nkhuni pamutu, n'kubisala kumbuyo kwake, n'kugwira chitenje chake. Ukangogwira chitenje, nkhani yatha. Wokuthamangitsa uja ankaima, ngakhale atakwiya chotani. Mwini chitenje ankangoti, "Wafika kwa ine," ndipo mkwapulo unkatayidwa pansi. Unkadya komweko, madzulo n'kukuperekeza kwanu mitima itazizira. Palibe amene ankafunsa kuti mwana walakwa chiyani. Zimenezo zinkakambidwa mawa.

Nditakula, amayi anandiuza chinthu chimene chinandidabwitsa. Anati nthawi zina ankandithamangitsa dala cha kumene kunali anthu, chifukwa iwo eni ankaopa dzanja lawo. Ankafuna wina awaletse. Ndinaseka tsiku limenelo, ndinkaona ngati akudzikometsera mbiri.

Mwana wa aneba uja anakulira kumudzi, ndiye mwambo umenewu ankaudziwa. Loweruka lina mvula inabalalitsa msika masana, mayi ake anabwera msanga, n'kupeza khanda lili lokha pamphasa likulira, chitseko chili chobweza. Mwanayo anali kumpopi. Madzi anali atasowa masiku awiri, ndipo tsiku limenelo atabwera aliyense anathamangira komweko. Atafika ndi ndowa pamutu, sanapatsidwe ndi mpata woitula. Ndinamva ndowa ikugwa, ndinamva paipi, kenako ndinangoona mwana watulukira pakhonde panga, wazungulira makina, wandigwira chitenje kumbuyo ndi manja onse awiri.

Sindinaganize n'komwe. Pakamwa panga panatuluka mawu a azakhali anga. Ndinati, "Aneba, wafika kwa ine. Zatha."

Mayiyo anaima. Dzanja linatsika, ndinaliona ndi maso angawa. Nayenso anakulira kumudzi, thupi lake linakumbuka mutu usanaganize. Anaima choncho akupuma mwamphamvu, madzi a mvula akuyenderera kumaso. Ndinaganiza kuti zathadi. Koma anayang'ana uku ndi uku, anaona akazi awiri a pamdadada atasuzumira, ndipo nkhope yake inasintha.

"Ndinu ndani wake?" anandifunsa. "Ndinu ankhazi ake inu, mlongo wa bambo ake? Mumamudyetsa ndinu? Khandali likanamwa palafini mukanalira ndinu?"

Ndinati, "Aneba, kumpopi kunali mzere, mwana sangadzigawe pawiri."

"Berekani wanu, muzimulera mmene mukufuniramo."

Apo anandilasa pachilonda, ndipo ankadziwa. Ine ndinakhala pabanja zaka zisanu ndi zinayi wopanda mwana, banja linathera pomwepo, ndi chifukwa chake ndinapezeka ndekha ku Mzuzu ndi makina osokera. Mayiyo analowa m'nyumba mwake. Mwana anakhala kwa ine mpaka madzulo, anadya mbatata ndi tiyi, ndinamupaka mafuta m'mikwingwirima ya kumsana. Dzuwa litapendeka ndinamuperekeza masitepe anayi a pakati pa zitseko zathu monga mwa mwambo. Ndinati odi katatu, osayankhidwa. Mwana analowa yekha, ndipo tsiku limenelo sanamenyedwenso. Ndinagona wokondwa, wopusa ine.

Sindikhulupirira kuti mayiyo ndiye anayambitsa zimene zinatsatira. Iye mwina anangodandaula kumpopi kuti telala akulowerera za m'nyumba mwake. Koma mawu a kumpopi amakula akamayenda. Patangotha sabata khanda linadwala malungo, linagonekedwa kuchipatala masiku atatu, ndipo litatuluka nkhani inali itapsa kale. Akuti mayi wopanda mwana uja amakopa ana a eni ndi tinsalu. Akuti bwanji mwana anasiya zitseko zina zonse n'kuthawira kwa iyeyo. Akuti amawaphunzitsa ufiti, ndipo khanda lija ndiye linali loyamba kuperekedwa.

Munthu amene sanakhalepo m'malokeshoni akhoza kuseka. Ine sindinaseke. Ndikudziwa zimene zimamuchitikira mayi wokhala yekha akamunena zimenezo, ndipo achibale anga onse anali kutsidya kwa mapiri, kunyanja. Ana anasiya kudutsa pakhonde panga. Mayi wina amene anandipatsa nsalu za yunifolomu za ana ake atatu anabwera kudzazitenga ndisanazidule, maso ali pansi, akuti wasintha maganizo. Tsiku lina masana mwala unagwa padenga langa, kenako wina. Nditatuluka, msewu unali mbee.

Ndiye kunabwera alandilodi, bambo wachikulire waulemu wake, amene sankakweza mawu. Anakhala pa benchi ya makasitomala, anavula chipewa, anandifunsa mmene ndadzukira. Kenako anati, "Atelala, ine sindikuti mwachita kanthu. Koma sindifuna nkhani papuloti panga. Akadzabwera ndi miyala sadzasankha chipinda. Inu sokani zovala, ana a eni muwasiye. Nyumba zikusowa m'tauni muno, anthu akundifunsa tsiku ndi tsiku."

Ndinati, "Bambo, mwana uja adzamupweteka."

Anati, "Ndi mwana wake." Anavala chipewa n'kumapita.

Ndinaganizapo zokanena kupolisi, kumene amamva nkhani za ana. Tsiku lina ndinatenga ambulera, ndinatseka chitseko, ndinayenda mpaka kufika pamsewu wa tala. Pamenepo ndinaima. Ndinadzifunsa kuti akamutenga mayiyo, khanda lidya chiyani, mwanayo apita kwa yani. Ndinadziuza kuti ndikuganizira ana. Bodza. Ndinkaganiza za denga langa, ndi kuti pamdadada ponse adzadziwa amene wakanena. Ndinagula ulusi umene sindinkaufuna, n'kubwerera.

Mwanayo anasiya kubwera kudzatola nsalu, analetsedwa. Koma akamadutsa ndi ndowa ankandiyang'ana, n'kumwetulira pang'ono, ngati tili ndi chinsinsi. Iye za kumpopi zija sankazimvetsa. Chimene ankadziwa n'chakuti m'tauni yonse ya Mzuzu muli chitenje chimodzi chimene chimagwira ntchito ngati za kwawo. Kumwetulira kumeneko kunkandiopsa kuposa miyala. Ndinkafuna kumuitana ndimuuze kuti mwanawe, usadzabwerenso, kuno si kumudzi. Sindinamuuze, chifukwa ndinkaopa kuonedwa ndikulankhula naye.

Linali Lamulungu m'mawa, tsiku lokhalo limene pamdadada pamakhala anthu onse. Kunali kadzuwa, zitseko zonse zotsegula, wina akupolisha nsapato, wina akuluka mwana tsitsi, wailesi ikuimba nyimbo za kwaya. Ine ndinali nditavala kale siketi ya kutchalitchi, ndamanga chitenje pamwamba kuti ndisadetse, ndikutsuka makapu panja. Mayi wa chipinda chachitatu uja anamutuma mwana kuti asite bulauzi yake yoyera ya chigwirizano cha amayi, yokhayo imene anali nayo. Simbi inali ya makala. Khanda linalira, mwana anatembenuka, simbi inatsala pansalu.

Bulauzi, anthuni. Ine ndikanasoka ina tsiku lomwelo, nsalu yoyera ndinali nayo m'katoni.

Ndinamva kukuwa kwa mayiyo, kenako paipi, kenako china cholemera chikugunda khoma. Mwana anatuluka akuthamanga. Panja panali akuluakulu osachepera asanu ndi awiri. Anawadutsa onse, anabwera kwa ine, anazungulira kumbuyo, anagwira chitenje. Ndinamva zala zake zikukanikiza m'chiuno mwanga, mpumi wake utatsamira pamsana panga, wotentha.

Ndiye mayi wa chipinda chakumapeto, amene ankaluka mwana wake tsitsi, ananena osakweza n'komwe mawu: "Mwaonatu. Wathawira kwa aphunzitsi ake."

Mayi wa mwanayo anafika, paipi ili m'manja, anaima patsogolo panga. Anangondiyang'ana. Nthawi imeneyo ndinaona ngati akundiopseza. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyang'ananso nkhope imeneyo m'mutu mwanga, ndipo tsopano ndikukhulupirira kuti ankadikira. Anaima patali pomwe anaima ulendo woyamba, dzanja lili m'munsi. Ankadikira mawu atatu aja. Amayi anga sankanama, mayi ameneyu ankaopa dzanja lake, ndipo pa anthu onse a ku Chibavi panalibe wina womugwira koma ine.

Ndinayang'ana anthu aja. Ndinaona alandilodi ataima pakhomo la nyumba yawo yaikulu, jekete lili pamkono. Ndinatsitsa dzanja langa m'chiuno, pamene nsonga ya chitenje imalowa, ndinaisolola. Chitenje chinamasuka. Ndinaponda sitepe imodzi kutsogolo, ndipo mwana anagwa chokhala pansi, nsalu yonse ili m'manja mwake.

Sindinamukankhe. Sindinamunene kanthu. Zaka zambiri ndinkadzitonthoza ndi zimenezo, ngati kuti pali kusiyana.

Ndinalowa m'nyumba ndi siketi yanga ya kutchalitchi, ndinatseka chitseko. Makina anali m'kati chifukwa Lamulungu sindisoka. Ndinakhala pampando n'kuyamba kupalasa, popanda nsalu, popanda ulusi, kungoti phokoso lidzaze m'chipinda. Koma makoma aja sankafika kudenga. Ndinamva zonse. Ndinamva akumukoka, ndinamva chitseko chawo, ndinamva mwana akuitana kuti anti, anti, kawiri kokha. Panja anthu anapitiriza kupolisha nsapato, ndipo nthawi itakwana aliyense anapita kutchalitchi chake. Ine sindinapite.

Masiku awiri mwanayo sanatuluke. Madzi ankatunga mayi ake asanapite kumsika, ndipo tikakumana pachingwe choyanikira sitinkayang'anana. Lachitatu m'mawa, nditangotulutsa makina, ndinamva kamawu kuti odi. Anali iye. Anagwada pansi pa khonde monga anaphunzitsidwira kwawo. Diso limodzi linali lotupa, lotsekeka. Dzanja lamanja analipinda pachifuwa, silinkatambasuka. Ndi lamanzere anandipatsa chitenje changa, chochapa, chopinda bwinobwino makona anayi. Anali atachisita. Ndi dzanja limodzi, ndi simbi yomwe ija.

Anati, "Anti, chitenje chinu. Yewo chomene."

Mukudziwa chimene ndinayankha, ine wa pakamwa, ine amene sindisowa chonena? Ndinayang'ana kaye ngati pali amene akutiona. Kenako ndinati, "Ika pabenchipo." Anaika, anadzuka, anapita.

Kuyambira tsiku limenelo sanathawenso. Kumenyedwa sikunathe, kunkachitika monga kale, mwina kuposa. Koma tsopano pamwamba pa khoma pankadutsa phokoso la paipi lokha ndi kupuma kwa mayi ake. Mwanayo anasiya kulira. Ndinkakhala chete kudikira kuti mwina alira, mwina aitana, kuti ndidziwe kuti akadali ndi mphamvu. Ndinkalumbira kuti akangotuluka ulendo uno ndimugwira, zivute zitani, andigende, andithamangitse. Kulumbira kunali kosavuta chifukwa ndinkadziwa kuti satuluka. Akamadutsa ndi ndowa ankandipatsa moni waulemu, maso ali pansi, ngati mmene ankaperekera kwa wina aliyense.

Makasitomala anabwerera. Mayi wa mayunifolomu uja anabweretsanso nsalu zake, akuseka, akuti telala wina anamuwonongera kolala. Amene ankaluka tsitsi uja anayamba kundibwereka sizasi. Alandilodi anandikonzera pamene pankadontha. Ndinakhalanso munthu wabwino pamdadada, ndipo ndinkadziwa chimene chinandiyeretsa.

Patatha miyezi iwiri, ndikuchokera kogula zipi m'tauni, ndinapeza chipinda chachitatu chili pululu, mnyamata wina akusesamo kuti alowe. Aneba aja anasamuka masana, palibe amene anatsanzikidwa. Pansi pa zenera ndinapezapo kachidole ka chitsononkho kaja, katavala diresi ya nsalu yanga. Ndinafunsa kumene apita. Wina anati ku Mzilawaingwe, wina anati anamva za ku Msongwe, wina anati abwerera kwawo ku Mzimba. Aliyense ankayankha akuchita zina.

Ndinawafunafuna, mochedwa monga mwa nthawi zonse. Ndinapita kumsika, pamalo pamene mayiyo ankayala tomato ndinapeza pali wina, amene anati sakumudziwa. Ndinayenda ku Mzilawaingwe Loweruka zingapo, tepi ili m'khosi, kunamizira kufuna makasitomala. Kumene ndinkadziwa kuti kunali minda ndinapeza nyumba zokhazokha, mipanda ya njerwa, mageti achitsulo, midadada ina kuseri kwa midadada. Ukagogoda, amakufunsa kuti mukufuna ndani. Ndikanati ndani? Mtsikana wa maso aakulu, wonyamula ndowa, khanda kumsana? Ndinakumana nawo ambirimbiri otero tsiku lililonse, ena ndi mikwingwirima yawo m'miyendo. Ku Msongwe ndinapita kawiri, n'kuleka.

Sindikudziwa ngati dzanja lija linatambasuka. Sindikudziwa ngati anabwerera kusukulu, ngati anakwatiwa msanga kuti athawe, ngati ali moyo. Pano ayenera kuti ndi mayi. Chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi kuganiza kuti mwina ali m'chipinda china cha lendi, wabwera kumsika miyendo itatupa, ndowa sinadzaze, ndipo pamwamba pa chitseko pali kanthu.

Mayi ake sindimuda. Ndayesa, zakanika. Mwamuna wake anamusiya yekha ndi ana awiri pakati pa anthu osamudziwa, kopanda azakhali, kopanda apongozi, kopanda wina womulandira khanda ngakhale ola limodzi. Kumudzi ukali wake ukanathera pa chitenje cha munthu. Kuno unalibe pothera. Amene ndimamuda ndimamuona pagalasi la makasitomala m'mawa uliwonse ndikamalipukuta.

Ndikadali ku Chibavi, pakhonde lomwelo, ngakhale maso ayamba kuvuta pa singano. Chitenje chija chili pansi pa sutikesi, chopindidwa mmene anachipindira, sindinachivalenso. Zimene ndimavala masiku ano ndimamanga mfundo, osati kungolowetsa nsonga m'chiuno. Akazi anzanga amandiseka, amati atelala mukuopa kuti chigwa pamsewu. Ndimaseka nawo.

Koma palibe amene wabwera kudzachigwira. M'chipinda chachitatu mwadutsa mabanja ambiri, ndipo amene alimo pano ali ndi ana atatu obadwira m'tauni mom'muno. Nawonso amamenyedwa, ndimamva. Ndimatsegula chitseko changa, ndimaima pakhonde poonekera, nthawi zina ndimagogoda n'kuuzidwa kuti palibe vuto, anti. Anawo amalirira pakona m'nyumba mwawo, satulukira panja, chifukwa palibe anawauzapo kuti mwana akhoza kuthawira kwa munthu. Pamdadada ponse, mwana mmodzi yekha ndiye ankadziwa zimenezo, anabwera nazo kuchokera kwawo, ndipo amene anamuphunzitsa kuti kuno kulibe kothawira ndine.